Dakota, nyumba ya ku New York imene imasankha yokha wolowamo

Makina osokera a Singer, akuda aja opalasa ndi phazi amene matelala amakhala nawo m'makonde a masitolo ku Limbe ndi ku Mchesi, zina mwa ndalama zake zinamanga nyumba ku New York imene mpaka lero alendo amakaima panja pake n'kumaijambula. Dzina lake ndi Dakota. Ili pa 1 West 72nd Street, kuyang'anizana ndi paki yaikulu ya Central Park, m'dera la anthu opeza bwino la Upper West Side pa chilumba cha Manhattan. Ambiri amaidziwa chifukwa woimba wotchuka John Lennon anawomberedwa pachipata chake. Ochepa ndi amene amadziwa kuti kuchokera mu 1961 Dakota ndi bungwe: kampani ya anthu okhalamo, yokhala ndi masheya, malamulo ake, msonkhano wa pachaka, ndiponso bodi imene yakhala ikubweza anthu otchuka padziko lonse ndalama zili m'manja.

Amene anaimangitsa ndi Edward Clark, loya. Mu 1851 mkuluyu analowa m'bizinesi ndi Isaac Singer, munthu waluso pa zitsulo koma wosalongosoka pa za m'banja. Singer ankadziwa makina, Clark ankadziwa makhoti ndi msika. Vuto la makinawo linali mtengo. Ankaposa $100, ndalama imene mayi wosoka zovala pakhomo sakanaigwira pakamodzi ngakhale atasoka usana ndi usiku. Mu 1856 Clark anayambitsa njira yoti munthu apereke kangachepe, anyamule makina, zotsalazo azilipira mwezi ndi mwezi. Makina anayamba kuyenda malonda mpaka kuwoloka nyanja, kufika kulikonse kumene kuli nsalu ndi ulusi. Singer atamwalira mu 1875, Clark anakhala mkulu wa kampani, chuma chili mbwee. China anachilowetsa m'malo ndi m'nyumba.

Masiku amenewo munthu wolemekezeka ku New York ankayenera kukhala m'nyumba yakeyake, ya khomo lake lotulukira kumsewu. Kugona pansi pa denga limodzi ndi mabanja ena, wina pamwamba wina pansi, chinali chizindikiro cha umphawi. Umu ndi mmene ankakhalira anthu obwera kuchokera ku Ireland ndi ku Germany, othithikana m'tizipinda tamdima kumunsi kwa mzinda. Mafulati a anthu apakatikati anali atangoyamba kumene. Oyamba otchuka, a Stuyvesant pa East 18th Street, anatsegulidwa cha m'ma 1870, ndipo anthu ankati amenewo ndi makhalidwe a ku Paris, zimene kwa munthu wopemphera wa nthawiyo sikunali kutamanda. Choncho Clark anali ndi ntchito ziwiri: kumanga nyumba, ndi kuwachotsa manyazi anthu andalama kuti alowemo.

Malo amene anasankha anaseketsa anthu. Kumadzulo kwa Central Park kunali kutchire: misewu yafumbi, matanthwe, madimba, zisakasa za amphawi, mbuzi zikungoyendayenda. Mabwana onse anali kutsidya lina la paki ndi kumunsi, cha ku Fifth Avenue. Ena ankati umenewu ndi uchitsiru wa Clark. Koma mkuluyu anali atawerengera bwino. Mu 1879 sitima yoyenda pa milatho yachitsulo pamwamba pa msewu inali itafika m'deralo, siteshoni ina ili pa 72nd Street pomwepo, ndipo wamaso aliyense ankaona kuti mzinda ukukwera chakumpoto. Pali nthano yoti nyumbayi inatchedwa Dakota chifukwa inali kutali ngati dera la Dakota, kumadzulo kwenikweni kwa America, koma nthanoyi inayamba kumveka m'nyuzipepala patapita zaka pafupifupi 50. Chodziwika n'chakuti Clark ankakonda maina a madera atsopano akumadzulo, moti mu 1880 anapempha kuti misewu ya m'deralo itchedwe Montana, Wyoming, Arizona ndi Idaho.

Mapulani anajambula Henry Janeway Hardenbergh, amene pambuyo pake anadzajambulanso hotela ya Plaza. Ntchito inayamba mu Okutobala 1880. Nyumbayo anaimanga mozungulira bwalo lopanda denga. Ngolo ya akavalo inkalowa pachipata chachikulu cha pa 72nd Street n'kukatsitsa bwana ndi dona mkati, kutali ndi maso a anthu a mumsewu. Pa ngodya iliyonse ya bwalolo pali khomo, masitepe ndi chikepe chakechake, kotero kuti chikepe chimodzi chimatumikira mabanja ochepa okha pa nsanjika iliyonse. Nzeru yonse ya Hardenbergh ili pamenepa. Mulibe likole lalitali la zitseko zondondozana monga m'hotela. Munthu akatuluka m'chikepe amangoona khomo lake ndi la mnzake mmodzi kapena awiri, n'kumadziona kuti ali pakhomo pake.

Makoma a m'munsi ndi okhuthala kuposa theka la mita. Pakati pa nsanjika ndi nsanjika anathirapo dothi, kuti moto usadutse komanso kuti piyano ya wapamwamba isamusowetse tulo wapansi. Siling'i ya zipinda zazikulu ili mamita anayi kuchokera pansi, ndipo mabalaza ena ndi aatali mamita 15. Magetsi nyumbayo inkapanga yokha ndi injini zake, zikepe zinkayenda ndi mphamvu ya madzi. Pansi panali chipinda chachikulu chodyera, ndipo wosafuna kutsika ankamutumizira chakudya pa kachikepe konyamulira mbale. Pambali pake panali mabwalo a tenisi. Antchito anali ndi dziko lawolawo: zikepe zawo, masitepe awo, ndi tizipinda tawo pansi pa denga, m'nsanjika za pamwamba kwenikweni. Kalelo pamwamba panali pa anthu otsika, poti m'chilimwe mumatentha koopsa. Lero tizipinda tomweto, atagumula makoma n'kutilumikiza, tasanduka mafulati odula zedi, chifukwa ukasuzumira pawindo umaona paki yonse.

Clark sanaione itatha. Anamwalira mu Okutobala 1882, n'kusiyira nyumbayo mdzukulu wake Edward Severin Clark, mnyamata wa zaka 12. Inatsegulidwa mu Okutobala 1884, mafulati onse 65 atatengedwa kale. Aang'ono anali a zipinda zinayi, aakulu a zipinda 20, ndipo panalibe awiri ofanana. Lendi inali pakati pa $1,000 ndi $5,600 pachaka, pamene wogwira ntchito m'fakitale nthawi zambiri sankafika $500 chaka chonse. Olowamo sanali mabanja akale a dzina, aja oitanizana ku madansi a Mayi Astor. Anali anthu odzipezera okha chuma: amalonda, maloya, eni mafakitale. Munali a banja la Steinway, opanga mapiyano, ndi Gustav Schirmer, wosindikiza mabuku a nyimbo. Wopeka nyimbo Pyotr Tchaikovsky atabwera ku New York mu 1891 pa mwambo wotsegulira holo ya Carnegie, anakacheza kwa Schirmer ku Dakota. Mbiri yoti iyi ndi nyumba ya anthu a nyimbo ndi zisudzo inayambira kumeneko.

Kwa zaka 77 Dakota inali ya banja limodzi, ndipo banjalo linali landilodi wosowa. A Clark anali ndi chuma cha Singer, mitima yawo ili kumudzi kwawo ku Cooperstown, sankadalira lendi kuti adye. Edward Severin atamwalira mu 1933, mng'ono wake Stephen Clark anapitiriza mwa njira yomweyo. Lendi sinkakwera chisawawa, antchito ankakalambira pantchito, ochita lendi ambiri ankatulukamo ali m'bokosi. Kusankha wolowa inali ntchito ya manijala ndi eni nyumba. Wokhalamo analibe chonena pa munthu amene adzayandikane naye khomo.

Zinthu zinayamba kupendekera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Mu 1943 boma linaika malire pa lendi mu New York, pamene mtengo wa malasha, malipiro a antchito ndi misonkho zinkakwerabe. M'zaka za m'ma 1950 Upper West Side inali itatsika, olemera ambiri atasamukira kunja kwa mzinda, makoma achikasu a Dakota atada bii ndi mwaye. Zipinda zikuluzikulu za lendi yotsika zinakopa anthu a zisudzo ngati Boris Karloff ndi Judy Holliday, amene sankasamala kuti dera latha fasho.

Nthawi yonseyi mbali zina za mzinda kunali mtundu wina wa nyumba zosanja, za kopaletivi. Yoyamba inali Rembrandt pa West 57th Street, ya mu 1881, maganizo a katswiri wa mapulani Philip Hubert: anthu angapo asonkhe ndalama, amange nyumba, aliyense atenge fulati yake, landilodi pasakhale. M'zaka za m'ma 1920 njirayi inafalikira ku Park Avenue ndi Fifth Avenue, kumene akatswiri ngati Rosario Candela, wobadwira ku Sicily, anajambula nyumba zimene lero ogulitsa amazitama kuti ndi za nkhondo isanayambe. Kenako chuma chinagwa mu 1929. Membala mmodzi akalephera kulipira gawo lake, ngongole ya kubanki ya nyumba yonse sinkachepa, otsalawo ankayenera kuwonjezera. Nawonso akatopa, banki inkalanda nyumba. Makopaletivi ambiri a anthu olemera anatha motero, ngakhale 740 Park Avenue, imene inatsegulidwa mu 1930, inabwerera kukhala ya lendi kwa zaka zambiri. Anthu a ku New York sanaiwale. Ukamva kuti bodi ikufuna kuona mapepala a kubanki a munthu, mantha ake anachokera kumeneko, ndipo si mantha opanda pake.

Ndinene pambali kuti si olemera okha amene anamanga motere. Mu 1927 bungwe la antchito osoka zovala, la Amalgamated Clothing Workers, linamanga mafulati a kopaletivi ku Bronx motsogoleredwa ndi Abraham Kazan. Kumeneko wotuluka sankaloledwa kugulitsa masheya ake mwa phindu, kuti wobwera pambuyo akwanitse kugula. Kopaletivi ya antchito imeneyi inapirira mavuto a zachuma a m'ma 1930 amene anagwetsa za mabwana, ndipo ilipobe.

Ya Dakota inabadwa ndi mantha ena. Stephen Clark anamwalira mu 1960, nyumba n'kupita m'manja mwa bungwe lachifundo la banjalo, Clark Foundation, limene silinafune za ulandilodi. Kumayambiriro kwa 1961 linagulitsa Dakota kwa Louis Glickman pa $4.6 miliyoni. Dzina limeneli linawazizira nkhongono okhalamo, chifukwa Glickman yemweyu zaka zochepa m'mbuyomo anafuna kugula holo ya Carnegie kuti aigwetse n'kumangapo nsanja ya maofesi. Lamulo loteteza nyumba zakale kunalibe, ndipo patangopita zaka ziwiri siteshoni yokongola ya Pennsylvania inayamba kugwetsedwa mzinda wonse ukuonerera. Anthu a mu Dakota anakumana, anawerengera, n'kugwirizana zoti aigule okha. Chaka chisanathe anali ataigula pa $4.8 miliyoni. Malo a kumadzulo aja, pamene kale ankasewerapo tenisi, sanalowe m'malondawo, ndipo panadzamangidwa nsanja ya mafulati ya njerwa zoyera yotchedwa Mayfair, imene mpaka lero yaima n'kumayang'ana Dakota chapansi. M'chaka chomwecho cha 1961 katswiri wa mafilimu Lauren Bacall anagula fulati yoyang'ana ku paki pa ndalama zosakwana $50,000. Mu 1969 mzinda unaika Dakota pa mndandanda wa nyumba zosaloledwa kugwetsedwa, ndipo mu 1976 boma la dziko lonse linaiika m'gulu la zipilala za mbiri ya America.

Chimene Bacall ndi anzake anagula si makoma. Nyumba yonse, kuyambira maziko mpaka denga, ndi ya kampani yotchedwa The Dakota, Inc. Munthu amagula masheya a kampaniyo, ochuluka malinga ndi kukula ndi ubwino wa fulati, ndipo pamodzi ndi masheyawo amalandira chikalata chomuloleza kukhala m'fulatimo. Pamalamulo iye ndi wochita lendi kwa kampani imene iye mwini ali nayo gawo. Mwezi uliwonse amalipira ndalama yoyendetsera nyumba: malipiro a alonda ndi onyamula katundu, moto wotenthetsera m'nyengo yozizira, msonkho wa mzinda, inshuwalansi. Pakagwa ntchito yaikulu, aliyense amasonkha malinga ndi masheya ake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Dakota, la miyala yosalala ndi mkuwa, lodzaza timawindo ndi machumuni, lakonzedwapo kangapo ndi ndalama zankhaninkhani. Eni masheya amasankha bodi pakati pawo, anthu ogwira ntchito mosalipidwa, ndipo bodiyo ndi imene imalemba antchito, kuvomereza zokonzakonza, ndi kunena amene alowe.

Mphamvu yomalizayi ndi imene inasintha khalidwe la nyumbayi. Wogula ndi wogulitsa akagwirizana mtengo, ali ngati mnyamata ndi mtsikana amene alolana kuseri: nkhani sinafike kwa ankhoswe. Kusiyana kwake n'kwakuti ankhoswe akakana amanena chifukwa. Wogula amasonkhanitsa mulu wa mapepala: za msonkho za zaka zingapo, za kubanki, ngongole zonse zimene ali nazo, makalata a umboni ochokera kwa anzake a bizinesi ndi kwa amene anayandikana nawo kale. Ena amafufuzidwa mpaka mbiri ya moyo wawo, ndipo olipira ofufuzawo ndi iwo omwe. Mapepala akadutsa amaitanidwa kukakumana ndi bodi. Munthu woti kuofesi kwake anthu mazana amanjenjemera akamva mapazi ake amakhala pampando n'kumayankha mwaulemu ngati ali ndi galu, ngati amakonda maphwando, ngati amaimba zida usiku. Akakanidwa amalandira uthenga waufupi wopanda chifukwa, ndipo palibe kopita kukadandaula.

Makhoti a New York anavomereza zimenezi kalekale. Mu 1959, pa mlandu wokhudza nyumba ya 791 Park Avenue, khoti lalikulu la chigawo cha New York linagamula kuti eni kopaletivi ali ndi ufulu wosankha amene akufuna kukhala naye, pa chifukwa chilichonse kapena popanda chifukwa. Mu 1990, pa mlandu wa Levandusky ndi nyumba ya One Fifth Avenue, khoti lomwelo linati woweruza asalowerere ziganizo za bodi malinga ngati yachita moona mtima, m'malire a mphamvu zake, pofuna ubwino wa nyumba. Malire alipo: lamulo la dziko lonse la mu 1968 limaletsa kukana munthu nyumba chifukwa cha khungu, chipembedzo kapena dziko lochokera. Koma ungatsimikize bwanji tsankho pamene wokukanayo sakakamizidwa kutsegula pakamwa? Ndipo tsankho linalipo ndithu. Kwa zaka zambiri makopaletivi apamwamba a kum'mawa kwa paki ankadziwika ndi kukana Ayuda ndi anthu akuda. Dakota pa nkhaniyi inkaoneka yomasukirapo. Katswiri wa nyimbo Leonard Bernstein anakhalamo mpaka imfa yake mu 1990, ndipo woimba wakuda Roberta Flack analowamo m'zaka za m'ma 1970.

Amene anazolowera makopaletivi a alimi ndi ma SACCO angadabwe kuti nachonso ichi n'kopaletivi. Mwa mfundo zimene zinachokera kwa apainiya a ku Rochdale, ku England, mu 1844, ziwiri zazikulu ndi zakuti khomo likhale lotseguka kwa aliyense ndiponso kuti membala aliyense akhale ndi voti imodzi. M'nyumba zapamwamba za ku Manhattan zonse ziwiri mulibe. Mavoti amatsatira masheya, ndipo khomo ndi lotseka dala.

John Lennon ndi mkazi wake Yoko Ono analowa mu 1973, ndipo m'kupita kwa nthawi anagula mafulati angapo. Nyumbayo inali itatchuka kale ndi filimu yoopsa ya Roman Polanski ya mu 1968, Rosemary's Baby, imene inaonetsa kunja kwake. Koma kubwera kwa Lennon kunadzetsa chinthu chachilendo: anyamata ndi atsikana oima pachipata tsiku lililonse, mvula kapena chisanu, kudikira kuti angomuona. Madzulo a pa 8 Disembala 1980, Lennon anasayina pa chimbale cha mmodzi wa iwo, Mark David Chapman. Usiku womwewo, Lennon akubwerera kuchokera ku situdiyo, munthu yemweyo anamuwombera kumsana m'chipata chija chimene Hardenbergh anachikonza kuti chibise mabwana ku maso a anthu. Kwa masiku angapo khamu linadzaza msewu, likuimba ndi kulira, okhalamo n'kumadutsa pakati pa apolisi kuti afike kwawo. Mu Okutobala 1985 kachigawo ka Central Park koyang'anizana ndi nyumbayo kanapatulidwa kukhala chikumbutso chake, kotchedwa Strawberry Fields, ndipo kuchokera pamenepo mabasi a alendo sanaleke kuima pa ngodyayo.

Munthu amene anakhalamo sabata imeneyo sitingamudzudzule akamaopa woyandikana naye wotchuka. Nyuzipepala zalembapo maina a okanidwa ambiri: Billy Joel, Madonna, Cher, Gene Simmons. Poti bodi sinena chifukwa, anthu amangoganizira kuti ena anawakana poopa atolankhani ndi makamera, ena poona kuti ndalama za woimba zimabwera lero mawa n'kusowa. Chodandaulitsa n'chakuti nyumba imene inapulumutsidwa ndi anthu a luso inayamba kuwakayikira anthu a luso omwewo. Mu 2005 Albert Maysles, wojambula mafilimu a zochitika zenizeni amene anakhalamo zaka zambiri, anapeza ogula fulati yake, akatswiri a mafilimu Melanie Griffith ndi Antonio Banderas. Bodi inawakana. Maysles anadandaula poyera kuti nyumbayo ikusiya anthu osangalatsa n'kumatsata amene ali ndi ndalama basi. Apa pakuoneka mbali imene olowa saiganizira: bodi imene inakutsegulira khomo ndi yomweyo imene ingakutsekere potuluka, chifukwa sungagulitse masheya ako kwa munthu amene anzako sakumufuna.

Zam'kati mwa bungweli zinatulukira pabwalo mu 2011. Alphonse Fletcher Jr., munthu wakuda woyendetsa kampani yosunga ndi kuchulukitsa ndalama za anthu, anali atakhala mu Dakota kuyambira 1992 ndipo anakhalapo wapampando wa bodi. Mu 2010 anafuna kugula fulati yoyandikana ndi yake pa $5.7 miliyoni kuti aziphatikize. Bodi inakana, ndipo ulendo uno inanena chifukwa: inati mapepala ake sakusonyeza kuti angakwanitse. Fletcher anakasuma, n'kunena kuti amusala chifukwa cha khungu komanso pomubwezera kuti anadzudzulapo tsankho m'misonkhano ya bodi. Mu 2012 khoti la apilo linagamula mfundo imene inagwedeza mabodi a mzinda wonse: membala wa bodi amene watenga nawo mbali pa tsankho angathe kuimbidwa mlandu iye payekha, sangabisale kuseri kwa kampani. Koma chaka chomwecho thumba lina lalikulu la ndalama la Fletcher linalengeza kuti lagwa, ndipo mu 2015 woweruza Arthur Engoron anathetsa mlanduwo, ponena kuti umboni wa tsankho sunakwane.

Ine ndimaona kuti mlanduwu unasonyeza zinthu ziwiri zimene anthu safuna kuzinena pamodzi. Pa ndalama za Fletcher bodi inaona patali, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi imeneyo, kuteteza anzake ku ngongole ya wina. Komanso bodiyo inapambana chifukwa inali ndi chifukwa chomveka, cholembedwa, chimene woweruza anatha kuchiyeza. Ngati chifukwa chabwino chimaima chokha m'khoti, n'chiyani chimene kukhala chete kumateteza pa anthu ena onse okanidwa? Maboma ena ang'onoang'ono oyandikana ndi mzindawu anayankha kale: ku Suffolk kuyambira 2009 ndi ku Westchester kuyambira 2021, bodi ikakana munthu imayenera kunena chifukwa. Mu mzinda wa New York mwenimweni makhansala akhala akubweretsa mabilu otere kwa zaka zambiri, ndipo mabungwe a eni makopaletivi amalimbana nawo ponena kuti milandu idzachuluka mpaka anthu adzaleka kudzipereka kukhala m'mabodi.

Pali china chimene kuuma mtima kwa bodi kwasunga, ndipo tisachinyoze. Munthu akamakonza fulati yake saloledwa kutaya kapena kugulitsa zitseko zakale ndi mafelemu a malo osonkhapo moto. Akazichotsa zimasungidwa m'nyumba momwemo, chifukwa ndi za nyumba, si zake. N'chifukwa chake patapita zaka zoposa 140 matabwa amene amisiri a Clark anapala akadalipo. Malamulo ena ndi a dziko lakale lija la bwana ndi wantchito: ogwira ntchito m'makomo ndi obweretsa katundu amakwera zikepe za kuseri, monga zinalili mu 1884.

Amene akuopseza makopaletivi akalewa tsopano ndi msika. Mu 1964 chigawo cha New York chinaloleza mtundu wina wa umwini, wa kondominiyamu, umene munthu amagula fulati yeniyeniyo n'kulandira chikalata cha umwini m'dzina lake kapena la kampani yake. Kumeneko kulibe bodi yomufunsa za galu. Angathe kuchititsa lendi, kusiya fulati yopanda munthu chaka chonse, kapena kubisa dzina lake. Kwa mpondamatiki wochokera ku Moscow, ku Shanghai kapena ku São Paulo, amene safuna kuti oyandikana naye awerenge mapepala ake a msonkho, kusankha n'kosavuta. Omanga nyumba anazindikira kuti anthu amakonda maonekedwe a nyumba zakale koma amadana ndi mabodi ake. Pamtunda wa mphindi zochepa kuyenda pansi kuchokera ku Dakota pali 15 Central Park West, imene inatha mu 2008, yojambulidwa ndi Robert A. M. Stern motsanzira nyumba za m'ma 1920, koma ndi kondominiyamu, ndipo mafulati ake anagulidwa mwa chipwirikiti.

Mitengo ikunena yokha. Lauren Bacall anamwalira mu 2014 atakhala mu Dakota zaka 53. Fulati yake anaiika pamsika pa $26 miliyoni, n'kudzagulidwa chaka chotsatira pa $21 miliyoni, wogulayo atadutsa kaye pamaso pa bodi. Mu 2019 mpondamatiki Ken Griffin analipira pafupifupi $238 miliyoni pa fulati ya m'nsanja yatsopano ya 220 Central Park South, kumwera kwa paki yomweyo, popanda kupempha chilolezo kwa woyandikana naye aliyense.